Wodwala mtima akangoti zii pakhomo, nazi zoti muchite

Malume anga a ku Domwe atatuluka m'chipatala ndi vuto la mtima, tonse maso anali pa mchere ndi mapilisi basi. Koma munthu amene ankalawirira kudimba la kachewere kusanache anayamba kumangokhala pakhonde tsiku lonse, wailesi osatsegula, nsima kungotsina kawiri n'kusamba m'manja, adzukulu akamasewera pafupi amawathamangitsa. Ife timvekere ndi kufooka kwa matenda kumeneko, zitha. Kumeneko n'kuti ali ndi matenda ovutika maganizo, aja kuchipatala amati depressão, ndipo mankhwala a mtima anali atasiya kalekale.

Zimenezi si za malume okha ayi. Mwa anthu 5 amene mtima unawagwirapo mwadzidzidzi chifukwa cha kutsekeka kwa mitsempha, pafupifupi mmodzi amadwala matenda a maganizowa, moti mu 2014 bungwe la American Heart Association linanena poyera kuti vutoli limawonjezera chiopsezo choti wodwala mtima adwalenso kapena amwalire. Maganizo akasokonekera thupi limatulutsa wambiri cortisol, michere imene imatuluka munthu akakhala ndi nkhawa, tensau (kuthamanga kwa magazi) imakwera, magazi sachedwa kuundana, kuwonjezera apo munthu wotaya mtima samwa mankhwala bwino, ena amabwerera ku fodya ndi kachasu.

Ndiye choyamba, werengani mapilisi. Musafunse kuti "Malume, mwamwa?" chifukwa ayankha kuti eya. Tengani kapepala ka mapilisi kaja muone tsiku limene munalandira ku farmácia, muwerenge otsala. Ife tinapeza mapilisi awo a mtima, enalapril ndi furosemide, a milungu itatu ali phee m'chitini cha shuga, pansi pa mbewu za nyemba, ndinakhala pansi osalankhula kwa kanthawi ndithu.

Kenako afunseni mafunso awiri amene achipatala amayambira, muli awiriwiri osati pagulu, ndipo mwaulemu wake. Loyamba, m'milungu iwiri yapitayi kodi zinthu zimene munkakonda zikukusangalatsanibe? Lachiwiri, kodi mukumva ngati mtima wasweka kapena palibenso chiyembekezo? Akavomera ngakhale limodzi kuti ndi masiku ambiri, musayambe kulalikira zoti mwamuna salira kapena limbani mtima, mawu amenewo amangomutsekera munthu pakamwa. Mvetserani basi. Ndipo musaope kufunsa ngati amaganizako zodzipha, kufunsa sikumuika munthu maganizo amenewo, akati eya musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe m'nyumba mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Chachitatu, tsiku la konsuta kwerani nawo chapa, musawatumize okha. Akuluakulu athu akalowa kwa dokotala amangonena za miyendo yotupa ndi befu, za mumtima amabisa. Inu nenani zonse, kusagona, kusadya, kusiya mankhwala, ndipo pemphani kuti aonedwe ndi técnico de psiquiatria, wachipatala woona za matenda a maganizo. Anthu amenewa alipo m'zipatala za maboma, simufunika kuyamba mwafika ku Hospital Provincial mumzinda wa Tete, ndipo si a anthu amisala okha monga ambiri amaganizira.

Apa pokha pamafunika tcheru kwambiri. Nyamulani mankhwala onse m'jumbo, a mtima, a tensau, ogula pamsika ngakhale azitsamba, muwaonetse kwa aliyense wolemba mankhwala atsopano. Mwa mankhwala a maganizo, amitriptyline amapezeka kwambiri koma amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima, ndiye kwa munthu amene mtima unamugwirapo madokotala amamupewa. Sertraline, mankhwala ena a maganizo, anayesedwa pa odwala mtima mu kafukufuku wa SADHART wa 2002 ndipo anapezeka kuti sawononga mtima, komabe iyeyu ndi mnzake fluoxetine akaphatikizana ndi mankhwala oletsa magazi kuundana monga aspirin kapena warfarin munthu amatha kutaya magazi mosavuta, choncho mukaona chimbudzi chakuda bii kapena kamfuno pafupipafupi bwererani msanga. Osagula nokha, osabwereka a aneba chonde.

Mankhwala a maganizo sagwira lero ndi lero, pamatenga milungu iwiri mpaka inayi kapena kuposa kuti kusintha kuoneke, ndipo munthu akapeza bwino amapitiriza kumwa miyezi 6 kapena kuposerapo, kusiya kwake n'kogwirizana ndi dokotala. Kuyankhulana ndi técnico uja pafupipafupi kumathandizanso, ena amachira ndi zokambirana zokhazo.

Kunyumba, achipatala akalola, yendani nawo pang'onopang'ono m'mawa, mphindi 10 poyamba, kukafika kumpingo kapena pabawo. Akamva chifuwa kuthina, thukuta lozizira kapena kubanika ali chikhalire, imeneyo si nkhawa yongodikira mawa, fufuzani galimoto. Malume ife tinawapatsa ntchito yosankha mbewu ya kachewere atakhala pampando, mapilisi amasunga mwana wawo wamkazi ndipo amachonga pa kalendala usiku uliwonse akamwa.