Momwe mungakhalire katswiri wofukula zakale za nthawi ya atsamunda

Zikalata za nthawi ya atsamunda analemba ndi olamulira. Akapolo ndi antchito a m'minda sanapatsidwe mpata wotero, koma anasiya mapale, mikanda ndi maziko a nyumba zawo m'nthaka. Ntchitoyi ndi yofufuza moyo wa anthu amenewo.

Yambani ndi digiri ya archaeology (maphunziro ofukula zakale), anthropology (maphunziro a anthu ndi chikhalidwe chawo) kapena mbiri yakale. Kuti mudzatsogolere kafukufuku wanuwanu, nthawi zambiri pamafunika digiri yachiwiri.

Muli pasukulu pomwepo, zolowerani kuwerenga zikalata zakale: mamapu, makalata, mabuku a misonkho. Apa ndi pamene ntchitoyi imasiyana ndi kufukula za anthu amene analibe zolemba. Phunziraninso chilankhulo cha atsamunda a dera limene mukufuna, kaya Chipwitikizi, Chidatchi kapena Chifalansa. Ambiri amazemba zimenezi, koma ndi zikalata zimene zinathandiza kuzindikira São José, sitima imene inamira pafupi ndi Cape Town mu 1794 itanyamula akapolo ochokera ku Mozambique.

Kenako pitani kokumba, pansi pa katswiri wodziwa. Mudzaphunzira kupala nthaka pang'onopang'ono, kusefa dothi ndi kulemba pamene chinthu chilichonse chapezeka. Lembani mosamala kwambiri, chifukwa malo akakumbidwa sabwereranso mwakale.

Chotsatira, dziwani kuzindikira zaka za zinthu. Njira ya radiocarbon, imene asayansi amayezera zaka za zinthu monga mafupa ndi makala, sithandiza kwenikweni pa zinthu za zaka 300 zapitazi, choncho mudzadalira mabotolo, misomali ndi mbale. Mu 1954, katswiri wofukula zakale J.C. Harrington anaonetsa kuti kabowo ka makaliwo adothi a ku England kankacheperachepera m'kupita kwa zaka, moti kachidutswa ka kaliwo kangakuuzeni nthawi imene anthu ankakhala pamalopo.

Ntchito zimapezeka m'mayunivesite, m'nyumba zosungira zakale, ndi m'makampani ofufuza malo anthu asanamange msewu kapena damu. Bungwe la Society for Historical Archaeology, lokhazikitsidwa mu 1967, lingakulumikizeni ndi anzanu.

Musakumbe popanda chilolezo cha boma, ndipo yambani mwakambirana ndi eni mbiriyo. Mu 1991, manda a anthu ochokera ku Africa atapezeka ku New York, anthu akuda a mumzindawo anakwiya ndi mmene mafupa ankagwiridwira. Kafukufuku anasamutsidwira ku Howard University motsogozedwa ndi katswiri wa anthropology Michael Blakey, ndipo anthu 419 anaikidwanso m'manda mwaulemu mu 2003.