Tsekani mipata ya m'nyumba chiperoni chisanafike

Inu a ku Chinamwali, Matawale ndi ena nonse okhala m'munsi mwa phiri la Zomba, musadikire Juni. Nkhungu ndi kamvula kowaza ka chiperoni zikayamba, mabulangete ndi majuzi a pa kaunjika amakwera mtengo. Gulani mu Epulo, ogulitsa asanatukumuke.

Mphepo yambiri imalowera pansi pa chitseko ndi m'mbali mwa mawindo. Madzulo yatsani kandulo, muyende nayo pang'onopang'ono m'malo amenewa. Pomwe lawi lagwedezeka, mpata uli pomwepo. Dulani mwendo wa thalauzi lakutha, muthiremo mchenga wouma, mumange mbali zonse ziwiri n'kuugoneka pansi pa chitseko. Pagalasi losweka ikanipo katoni, koma tiziboo topumira nyumba tija musatimate.

Nyumba yamalata yopanda siling'i imazizira kwambiri m'bandakucha. Matumba akale ochapa bwino, osokedwa pamodzi n'kukhomedwa kudenga, amathandiza ndithu, ngakhale alendo aziseka. Ana akamagona pasimenti, yalani makatoni pansi pa mphasa kapena matiresi.

Za mbaula ndiye musachite nazo masewera. Makala oyaka amatulutsa mpweya wapoizoni wopanda fungo, womwe umapha munthu ali m'tulo, makamaka m'chipinda chotsekedwa bwino ngati chimenechi. Otherani pakhonde, mbaulayo igone panja. Pofunditsa mapazi, thirani madzi ofunda m'botolo, mutseke zolimba, mulikulunge m'sokosi n'kuliika m'bulangete.