Kuphunzitsa Chingerezi m'kalasi ndi pafoni: kagawidwe ka ntchito

Piriyodi ya kusekondale ndi mphindi 40. Ngati m'kalasi muli ana 80 ndipo mukufuna kuti aliyense alankhuleko Chingerezi payekha, mwana mmodzi apeza masekondi 30 okha, ndipo apo ndiye kuti inu aphunzitsi simunatsegule pakamwa n'komwe. N'chifukwa chake mwana amafika Fomu 4 ataloweza malamulo a galamala koma lilime lili lolemera, khutu nalo losazolowera. Chikhalirecho Chingerezi ndi phunziro loti akalilephera, satifiketi ya MSCE palibe, ngakhale masamu atakhoza bwanji.

Foni singalowe m'malo mwa mphunzitsi. Chimene imatha bwino ndi kuwonjezera nthawi yomvetsera ndi yobwereza. Choncho gawani ntchito motere: chilichonse chimene mwana angachite yekha, monga kumvetsera nkhani, kutsanzira katchulidwe ndi kuloweza mawu, chipite kufoni. Chimene chimafuna mnzake, monga kufunsana, kutsutsana ndi kukonzedwa pomwepo, chitsale m'kalasi. Ndipo mbali ziwirizi zizipatsirana. Ntchito ya pafoni imene sifunika m'kalasi mawa lake, ana amaisiya isanathe milungu itatu.

Yambani ndi kuwerenga mafoni

Musafunse kuti amene ali ndi foni akweze mkono. Wopanda foni amakweza nawo chifukwa cha manyazi, ndipo mudzakonza dongosolo lanu pa nambala yabodza. Gawani timapepala, aliyense alembe mayankho a mafunso anayi: kunyumba kuli foni ya WhatsApp kapena ya mabatani? Ndi ya ndani? Imapezeka nthawi yanji? Mumatchaja kuti?

Mayankhowo agawa kalasi patatu: amene amagwira foni ya WhatsApp ya makolo madzulo, amene ali ndi ya mabatani yolowa memore khadi, ndi amene alibiretu. Dongosolo lonse limangidwe poganizira gulu lachitatuli. Ikani ana m'magulu a anthu asanu potsata kumene amakhala, osati nzeru zawo, ndipo gulu lililonse likhale ndi foni imodzi yodalirika. Kalasi ya ana 80 itulutsa magulu 16.

Musanatsegule gulu la WhatsApp, kambiranani ndi ahedi ndi komiti ya makolo. Sukulu zambiri sizilola ana kubwera ndi foni, ndiye ziyenera kumveka kuti ntchitoyi ndi ya kunyumba, pa nambala ya kholo. WhatsApp payokha silola ana osakwana zaka 13. Tsegulani magulu awiri: lina loti otumiza uthenga akhale ma admin okha, loikamo maphunziro, lina lolandirira mayankho. Mukaphatikiza zonse m'gulu limodzi, phunziro limakwiririka ndi moni, zithunzi ndi mavesi a m'mawa. M'magulu onse awiri mukhale mphunzitsi wachiwiri, makamaka wamkazi ngati inu ndinu bambo, ndipo musamalemberane ndi mwana kumbali. Lamuloli limateteza mwana, limatetezanso inu.

Sabata imodzi, tsiku ndi tsiku

Titenge Fomu 1, mutu ukhale kufotokoza zimene zinachitika dzulo.

Lolemba madzulo tumizani voice note ya mphindi imodzi ndi theka. Ilembeni kaye papepala, mawu pafupifupi 150, chifukwa mukangolankhula za m'mutu mumabwereza, mumakokera, uthenga n'kufika mphindi zinayi. Nkhaniyo ikhale ya pafupi: mtsikana watumidwa kuchigayo, wapeza magetsi azima, wadikira mpaka dzuwa kupendeka, wabwerera ndi chimanga chosagaya. M'nkhani yotere muli kale "went", "found", "waited", "carried", "came back". Mawu atsopano asapitirire asanu ndi atatu. Jambulirani m'chipinda chokhala ndi makatani kapena matiresi, osati m'kalasi yopanda anthu momwe mawu amawirikiza, ndipo foni italikirane ndi pakamwa ngati kutalika kwa chikhatho. Mvula ikamagwa pa malata, dikirani ikate. Pansi pa voice note lembani mafunso atatu okha, ndipo nenani kuti amvetsere katatu: koyamba kungomva nkhani, kachiwiri kuyankha mafunso m'kope, kachitatu kuimitsa chiganizo chilichonse n'kuchitchula mokweza.

Lachitatu m'kalasi, mphindi zisanu zoyamba lizani nkhani ija pa sipika kamodzi kokha, kuti amene sanaimve asatsalire kutali. Kamodzi, osati katatu. Mukayamba kuphunzitsanso zonse kuchokera pachiyambi, amene anamvetsera kunyumba aona kuti anataya nthawi pachabe ndipo sabata yamawa samvetseranso. Mphindi khumi zotsatira, awiriawiri afotokozerane nkhaniyo makope atatseka. Kenako mphindi khumi zikhale zanu pa bolodi: lembani aneni amene atuluka, muwaike m'mizere iwiri, otenga "-ed" ndi osintha thupi lonse ngati "go" ndi "went". Mphindi khumi ndi zisanu zomaliza, aliyense afunse anzake atatu zimene anachita dzulo, alembe chiganizo chimodzi pa munthu aliyense. M'kalasi mukhala phokoso ndithu. Achenjezeni aphunzitsi a chipinda choyandikana, koma musaliletse, pakuti ana 40 akulankhula nthawi imodzi.

Lachinayi ndi tsiku loti ana ajambule mawu awo. Apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amadzimangirira goli. Ana 80 aliyense akatumiza masekondi 45, ndi ola lathunthu longomvetsera, musanayankhe ndi mmodzi yemwe. Gulu lililonse litumize voice note imodzi, wolankhula azisinthana sabata ndi sabata. Magulu 16 akudyerani mphindi 12, ndipo pakatha masabata asanu mwana aliyense mwamumvapo. Anzake anayi aja ntchito yawo ndi kumumvetsera akuyeserera ndi kumukonza asanajambule. Kuyeserera kumeneku ndiye phunziro lenileni. Chojambulacho ndi umboni chabe.

Lachisanu bwerani ndi zolakwika ziwiri zokha zimene zamveka kwambiri, osatchula dzina la munthu. Mukabwera ndi khumi, palibe chimene chigwire.

Zimene khutu la Mchewa limaphonya

Voice note imaposa bolodi pa katchulidwe, choncho ndi bwino kudziwa pamene Chichewa chimakokera mwana.

Choyamba ndi l ndi r. M'Chichewa awa ndi ngati liwu limodzi: timalemba r ikamatsatira i kapena e, monga mpira ndi kulera, ndipo l m'malo ena, monga mbale ndi sukulu. Kusinthanitsa sikusintha tanthauzo. M'Chingerezi kumasintha: "play" ndi "pray", "collect" ndi "correct", "glass" ndi "grass". Musayambe ndi kumuuza mwana kuti atchule. Munthu satchula chimene sanachimve. Jambulani mawu khumi, mukusakaniza, monga "light, right, right, light", mwana alembe L kapena R m'kope. Akayamba kukhoza asanu ndi atatu mwa khumi, ndiye muyambe za lilime: pa l nsonga ya lilime imakhudza kuseri kwa mano a m'mwamba, pa r sikhudza paliponse.

Chachiwiri ndi mavawelo. Ife tili nawo asanu, Chingerezi chili nawo opitirira khumi. N'chifukwa chake "ship" ndi "sheep" zimamveka chimodzimodzi, "full" ndi "fool" chimodzimodzi, ndipo "hat", "hut" ndi "heart" zonse zimathera pa a wathu mmodzi. Tengani awiri okha pa sabata, ndipo muwaike m'chiganizo osati paokha, kuti mwana aone kuti kulakwitsa kumasokoneza nkhani.

Chachitatu, mawu athu onse amathera ndi vawelo, ndiye lilime limafuna kuwonjezera i kapena u kumapeto, monga momwe "book" anasandukira buku. Mwana amene wauzidwa kuti asiye zimenezi nthawi zina amadula mchira wonse, "walked" n'kukhala "walk", nthawi yakale n'kusowa. Muphunzitseni kulumikiza ndi mawu otsatira: "walked away", "picked it up". Palinso th ndi ph, zomwe kwa ife ndi t ndi p wotulutsa mpweya, monga m'mawu oti thumba ndi phiri. Mwana amawerenga "think" ndi th wa thumba. Ichi chokha chimafuna maso, aone lilime lili pakati pa mano, ndiye chichitikire m'kalasi kapena pa kavidiyo ka masekondi khumi.

Zina si za katchulidwe koma za kaganizidwe. "He" ndi "she" zimasokonekera chifukwa iye wathu sasankha mwamuna kapena mkazi. Kumva kwathu kumagwira khutu, mphuno, thupi ndi mutu womwe, ndiye mwana amalemba "I hear a smell". Akamachoka amati "I am coming", kutanthauza ndikubwera. Zoterezi zifotokozeni m'Chichewa mwachidule, mphindi imodzi, kenako mubwerere ku Chingerezi. Kuletseratu Chichewa m'kalasi kumangotalikitsa njira.

Bandulo, batire ndi mafayilo

Voice note ya mphindi imodzi sifika ndi theka lomwe la megabaiti, pamene vidiyo ya mphindi imodzi imadya mamegabaiti angapo. Mawu ndi malemba ndiye zikhale chakudya cha tsiku ndi tsiku. Pewani malinki a YouTube kapena masamba ena, chifukwa makolo ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha ya Airtel kapena TNM, ndipo linki yotuluka kunja sitseguka kapena imadya mayunitsi a kholo. Kholo likaona mayunitsi atha kawiri, foni silibwereketsanso.

Foni zambiri za mabatani sizitsegula voice note ya WhatsApp, chifukwa imasungidwa mu mtundu wa fayilo wotchedwa Opus. Jambulani ndi pulogalamu yosunga MP3, fayilo yomweyo muitumize pa WhatsApp ndi kuikanso pa memore khadi kapena kuipatsira pa Bluetooth. Mayina a mafayilo akhale omveka, monga F1 sabata 03, osati manambala ataliatali amene foni imapereka yokha. Ngati n'kotheka jambuliranitu maphunziro a masabata anayi, mwana wakutali akopere kamodzi.

Magetsi a ESCOM ndi netiweki sizilonjeza, choncho ntchito iliyonse ya pafoni ipatsidwe masiku awiri. Sipika ya m'kalasi itchajidwe dzulo lake, ndipo pepala lomwe munalembapo nkhani lija likhale m'thumba: sipika ikakana, muwerenga nokha.

Sukulu imene ili ndi makompyuta kapena matabuleti koma yopanda intaneti ikhoza kuika pulogalamu ya maphunziro ya Kolibri, yomwe imayenda popanda intaneti mukangodawuniloda maphunziro kamodzi, kapena Kiwix yokhala ndi Wikipedia ya Chingerezi chosavuta. Webusaiti ya African Storybook ili ndi tinkhani taulere tosiyana kuvuta kwake, tina tili m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, toyenera Fomu 1 ndi makalasi akumapeto a pulayimale. Pulogalamu ya BBC ya 6 Minute English ndi yabwino, koma liwiro lake likuyenera Fomu 3 ndi 4. Kwa ana a Fomu 1 imangowafooketsa. Poloweza mawu, pulogalamu ya pafoni ya AnkiDroid ndi yaulere ndipo imabweretsanso liwu pamene mwana watsala pang'ono kuliiwala. Wopanda foni achite zomwezo ndi timakadi todula ku katoni: Chingerezi mbali ina, chiganizo chachitsanzo mbali inayo.

Pamene zimakonda kuthyokera

Mudzalandira ndime yosalala kwambiri kuchokera kwa mwana amene m'kalasi satha kumanga chiganizo. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014, ndipo tsopano kuli ChatGPT, pulogalamu yotha kumulembera munthu ndime yonse, osaiwala mkulu wake wa Fomu 4 amene ali m'nyumba momwemo. Kukalipa sikuthandiza. Malikisi azichokera pa zimene mwana wachita pamaso panu: afotokoze ndime yakeyo pakamwa, kope litatsekedwa, ayankhe funso limodzi losayembekezera. Ntchito ya pafoni ingolandira chizindikiro choti yachitika. Kupereka malikisi ochuluka pa ntchito ya pafoni ndi kulanga mwana chifukwa cha umphawi wa makolo ake.

Kusekana kumapha gulu msanga kuposa kusowa kwa bandulo. Voice note ya mwana amene wati "pray football" ikangotumizidwa kumagulu ena, mwanayo salankhulanso teremu yonse, ndipo anzake amaphunzirapo mantha. Nenani tsiku loyamba kuti chojambula cha m'gulu sichituluka, ndipo wophwanya lamuloli achotsedwe kwa sabata ziwiri, makolo ake adziwitsidwe. Atsikana ambiri madzulo amakhala ali pamoto ndi kumjigo pamene anyamata ali ndi foni m'manja. Yang'anani mu rejisitala ngati mawu a atsikana akumveka mofanana, ndipo ngati sakumveka, sunthirani nthawi yojambula ku masana akangofika kwawo poweruka, asanabalalike.

Mu rejisitala momwemo ikani mizere iwiri pa gulu lililonse sabata iliyonse: lamvetsera, latumiza. Pofika sabata yachinayi, ngati magulu otumiza sakufika theka, musawonjezere zikumbutso. Fupikitsani nkhani ifike masekondi 45, mafunso atsale awiri, ndipo funsani atsogoleri a magulu amene ali chete kuti foni yawo ikumapezeka tsiku liti. Kawirikawiri mudzapeza kuti mwini foni amapita kumsika kapena kuganyu tsiku lomwe inu munasankha, ndipo kusuntha ntchitoyo kuchoka Lachinayi kupita Loweruka kumakwanira.