Zoyenera kuchita mukachotsedwa ntchito ku America chifukwa chokadwazika kholo, komishoni yanu n'kugwidwa

Ndinachotsedwa ntchito yogulitsa mipando pa sitolo ina m'dera la Texas ku America nditangobwerako kumudzi ku Malawi kumene ndinakadwazika mayi anga, ndipo komishoni (ndalama imene wogulitsa amapatsidwa malinga ndi zimene wagulitsa) ya katundu amene ndinagulitsa ndisananyamuke anaigwira. Ndikulongosola njira imene ndinatsata kuti anzanga amene akugwira ntchito kuno asataye ufulu wawo chifukwa cha mapepala.

Choyamba, tsimikizani kuti lamulo la Family and Medical Leave Act, la mu 1993, likukutetezani. Limapereka tchuthi chopanda malipiro chodwazikira wachibale cha masabata 12 pa chaka, ndipo malo anu a ntchito ayenera kukudikirani, koma pokhapokha ngati mwagwira pamalopo miyezi 12 ndiponso maola 1,250 m'chaka chapitacho, komanso ngati kampaniyo ili ndi antchito 50 kapena kuposerapo m'dera la mamailosi 75. Wodwalayo akhale mwana wanu, mkazi kapena mwamuna wanu, kapena kholo lanu. Apongozi sawerengedwa, koma azakhali kapena agogo amene anakulerani m'malo mwa makolo muli mwana amawerengedwa, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa ife amene tinakulira m'manja mwa achibale.

Chachiwiri, musasaine pepala lililonse limene akupatsani pa tsiku lokuchotsani, makamaka lolonjeza kandalama kotsanzikira, chifukwa nthawi zambiri limakhala ndi mawu akuti mwavomera kusawasumira.

Kenako sonkhanitsani umboni wa tchuthicho, ndipo apa ndi pamene ine ndinapunthwa. Bwana akapempha chikalata cha dokotala, wantchito amakhala ndi masiku 15 oti achipereke, kuwerengera Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Fomu ya wodwazika wachibale imatchedwa WH-380-F. Ine ndinaisiya m'chikwama masiku angapo maganizo onse ali pa matenda, ndipo nditaipereka kuchipatala, dokotala anali wotanganidwa kotero kuti anaibweza mochedwa, malo ofunsa kuti matendawo atenga nthawi yaitali bwanji ali osalemba. Ndinaijambula pa foni n'kuitumiza kwa kapitawo wanga pa WhatsApp m'malo moitumiza ku ofesi yoona za antchito, ndipo pondichotsa ananena kuti ndinajomba. Chimene chinandithandiza n'chakuti malamulowo amalola kuchedwa ngati munthu asonyeza kuti anayesetsa moona mtima koma zinali zosatheka, ndiponso amakakamiza bwana kuti chikalata chikakhala chopereŵera auze wantchito molemba chimene chikusoŵa, n'kumupatsa masiku 7 okonzera. Iwo sanandilembere chilichonse. Chikalata chochokera kwa dokotala wovomerezeka wa dziko lina chimalandiridwa, choncho musalole kuuzidwa kuti cha ku Malawi n'chopanda ntchito. Sungani mauthenga onse okhala ndi madeti ake, tikiti ya ndege, chidindo cha m'pasipoti ndi kalata yokuchotsani, chifukwa kuyandikana kwa tsiku lobwerera ndi tsiku lochotsedwa ndi umboni wamphamvu.

Mukatero, kadandauleni ku Wage and Hour Division, nthambi yoona za malipiro ya unduna wa zantchito wa ku America (Department of Labor), kumene salipiritsa kanthu, kapena sumirani kampaniyo kukhothi pasanathe zaka ziwiri, kapena zitatu ngati anaswa lamulo mwadala. Mukapambana mungalandire malipiro amene munataya ndi ndalama zina zofanana nazo pamwamba pake, ndipo khothi limalamulanso kampani kulipira loya wanu. Maloya ambiri a nkhani zantchito sapempha ndalama poyamba, amatenga gawo la zimene mwapambana, kawirikawiri limodzi mwa magawo atatu. Chenjerani ndi anthu a m'magulu a WhatsApp amene amalipiritsa kuti akulembereni madandaulo pamene si maloya, popeza mafomuwo amapezeka kwaulere pa intaneti.

Komishoni imayenda njira yakeyake, pakuti imatsata malamulo a boma la dera limene mukukhala ndi pangano lanu la ntchito. Ŵerengani panganolo kuti muone pamene komishoni imakhala yanu, kaya kasitomala akasaina, akalipira kapena katundu akafika kunyumba kwake. Ku Texas dandaulo limapita ku Texas Workforce Commission, bungwe la boma la deralo loona za antchito, pasanathe masiku 180 kuchokera tsiku limene ndalamazo zinayenera kulipidwa, ndipo wochotsedwa ntchito ayenera kulandira malipiro ake omaliza m'masiku 6. Lembani mndandanda wa zimene munagulitsa pogwiritsa ntchito mapepala anu a malipiro akale, mulembere kampaniyo kalata yoitanitsa ndalamazo yokhala ndi tsiku lomaliza, ndipo sabata yomweyo mulembetsenso chithandizo cha anthu amene ntchito yawathera.