Ubuntu ikakana kuyaka chifukwa cha disiki ya Windows

Ndimakonza makompyuta kuno ku Salima, pafupi ndi Kamuzu Road, ndipo zimandiwawa munthu akandiuza kuti wafomata laputopu yonse chifukwa inaima pa mawu akuti "You are in emergency mode". Ngati munalemba disiki ya Windows mu /etc/fstab (fayilo ya mndandanda wa madisiki otsegulidwa poyaka) kuti izitseguka yokha, chonde musathamangire kufomata. Kawirikawiri mafayilo anu amakhala ali bwinobwino, vuto lili pa mzere umodzi wokhawo.

Poyaka, Ubuntu, yomwe ndi mtundu wa Linux, imawerenga fstab n'kuyamba kufunafuna disiki iliyonse yolembedwamo. Ikapanda kuiona, imadikira masekondi 90 kenako n'kuima. Pamenepo dinani Enter, lembani mount -o remount,rw / kuti mafayilo alole kusinthidwa, kenako nano /etc/fstab. Ikani # kumayambiriro kwa mzere wa Windows uja kuti usawerengedwe, sungani ndi Ctrl+O kenako Enter, tulukani ndi Ctrl+X, lembani reboot. Iyaka.

Tsopano fufuzani chinachititsa. Ambiri amalemba /dev/sdb1 mu fstab ngati dzina la disiki, koma dzina limeneli silikhazikika: mukasiya flash yolumikizidwa poyatsa, ikhoza kulanda dzinalo. Mu Terminal lembani sudo blkid, koperani UUID ya disikiyo (nambala yake yosasintha), mzere wanu ukhale chonchi:

UUID=nambala-yanu /mnt/windows ntfs-3g defaults,nofail 0 0

Ine sindilemba mzere wa disiki ya Windows popanda nofail, chifukwa ndi amene amalola kompyuta kupitiriza kuyaka ngakhale disikiyo isowe. Musanazimitse, yesani ndi sudo mount -a. Cholakwika chikhalepo, muchionera pomwepo.

Chimene chimasokoneza kwambiri ndi Fast Startup, njira yofulumizitsa kuyaka yomwe inabwera ndi Windows 8 mu 2012. Mukadina Shut down, Windows siizima kwenikweni, imangogona itagwirizira disiki. Linux ikaona zimenezi imakana kuitsegula, kapena imakulolani kuwerenga kokha osalembamo kanthu. Magetsi akathima mwadzidzidzi batire itafooka, monga zimachitikira kuno, disiki imatsalanso yosatsekedwa bwino.

Konzerani mu Windows momwemo. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani powercfg /h off kuti muzimitse Fast Startup, kenako chkdsk D: /f yokonzera disiki, kusintha D kukhala chilembo cha disiki yanu. Anyamata ena amakonda ntfsfix ya mu Linux. Imathandiza pang'ono, koma siilowa m'malo mwa chkdsk, ndipo kukakamiza disiki yogona kuti ilembeke kumatayitsa ntchito imene inali isanasungidwe. Pa kompyuta ya mphunzitsi yodzaza ndi malikisi a ana, ine sindiyerekeza.

Blkid ikasonyeza BitLocker m'malo mwa ntfs, ndiye kuti disikiyo ndi yokhoma. Pezani kaye kiyi yake ya manambala 48, yomwe nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft, musanakhudze china chilichonse.