Pogulitsa zojambula pamsonkhano wa anime, katundu aimirire

Musayale katundu yense chogona patebulo. Ulendo wanga woyamba ku Artist Alley, malo amene ojambula amagulitsirako zojambula zawo pamsonkhano wa okonda anime (makatuni a ku Japan), ndinatero, ndipo anthu ankangodutsa osaona n'komwe zithunzi zanga. Tebulo limakhala laling'ono, ndiye khamu likadzaza m'kanjira, chimaoneka ndi chokhacho chimene chili pamwamba pa mapewa a anthu. Pezani timafelemu ta waya tolumikizana toimika patebulo, mupachikepo zithunzi zikuluzikulu, chimene mumachinyadira kwambiri chikhale pamwamba penipeni.

Mitengo ilembedwe poonekera, ndi zilembo zazikulu. Ambiri obwera kumeneko ndi achinyamata amanyazi. Akaona kuti mpaka afunse mtengo, amangomwetulira n'kumapita.

Tinthu ting'onoting'ono ndi timene timayenda msanga: masitika, mabaji, zokolekera makiyi. Mtsikana wina amene anavala ngati ngwazi ya m'anime anaona baji ya ngwazi yomweyo, anaigwira ndi manja awiri, kenako anabwereranso ndi anzake atatu.

Werenganitu malamulo a okonza msonkhanowo, chifukwa ena amaika malire pa fan art, zojambula zotengera ngwazi za m'makatuni a anthu ena. Tengani chenji chokwanira, kachipangizo kolandirira ndalama za pakhadi, power bank, komanso mnzanu wokusungirani tebulo mukafuna kupuma.