Momwe Mungagwiritsire Ntchito Mabwalo a Ufulu Wachibadwidwe a mu Africa Posintha Malamulo ndi Kuteteza Ufulu Wanu

Munthu amene boma lamulanda katundu, lamutsekera m'ndende popanda kumuzenga mlandu, kapena lamulanga potsatira lamulo lopondereza, kawirikawiri amalangizidwa kuti zikakanika kuno kwathu akadandaule kunja. Malangizo amenewa si olakwika, koma owaperekawo safotokoza kuti kunjako ndi kuti, kuti amapitako bwanji, ndiponso kuti chigamulo chochokera kumeneko chimasintha chiyani pa malamulo a dziko lino. Ine ndikuona kuti mphamvu yaikulu ya mabwalo amenewa imaonekera m'mabwalo athu omwe ndiponso ku Nyumba ya Malamulo, kotero aliyense wofuna kuthandizidwa nawo ayenera kudziwa ntchito imene iyenera kugwiridwa asanapiteko komanso atabwerako.

Poyamba dziwani khomo loyenera kugogodapo, chifukwa ambiri amasokoneza. Bwalo la ICC limene lili ku The Hague limazenga anthu paokhapaokha pa milandu ikuluikulu monga kupulula mtundu wa anthu ndi nkhanza za pa nkhondo, ndipo silimva dandaulo la munthu amene wachotsedwa ntchito kapena walandidwa malo. Dandaulo lotere, lonena kuti boma laphwanya ufulu wanu, maziko ake ndi pangano la mayiko a mu Africa la ufulu wa anthu, lomwe linavomerezedwa mu 1981 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1986. Panganoli lili ndi alonda awiri akuluakulu. Woyamba ndi komishoni imene imakhala ku Banjul m'dziko la Gambia, yomwe imamva madandaulo ndi kupereka malangizo ku maboma. Wachiwiri ndi bwalo la milandu la ku Arusha m'dziko la Tanzania, lokhala ndi oweruza 11, limene linakhazikitsidwa ndi mgwirizano wa mu 1998 womwe unayamba kugwira ntchito mu 2004, ndipo zigamulo zake ndi zoti boma lomwe lazengedwa lizitsatire. Palinso komiti ya akatswiri yoona za ufulu wa ana, imene ndidzaitchulenso chifukwa inathandiza kusintha malamulo aakulu a dziko lino.

Komishoni ya ku Banjul si yachilendo kwa Amalawi. Ndi imene inamva madandaulo okhudza Aleke Banda, amene anakhala m'ndende zaka 12 osazengedwa mlandu, komanso Orton ndi Vera Chirwa, amene anagamulidwa kuti anyongedwe ndi bwalo la mafumu mu 1983 popanda kuloledwa kukhala ndi loya. Pamene komishoniyo inkamaliza nkhaniyi, boma linali litasintha kale, koma inanena momveka bwino kuti boma latsopano limasenza udindo wa zolakwa za boma lakale. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti imatseka pakamwa aliyense amene angakuuzeni kuti zimenezo zinachitika m'nthawi ya ena.

Chachiwiri, fufuzani ngati dziko limene mukufuna kulisumira linatsekula khomo la ku Arusha kwa anthu wamba. Kuvomereza mgwirizano wokhazikitsa bwaloli sikokwanira. Ndime 34(6) ya mgwirizanowu imafuna kuti boma lipereke chikalata china chapadera chololeza anthu ndi mabungwe omwe si aboma kukasuma okha. Malawi anapereka chikalata chimenechi mu 2008, ndipo kum'mwera kwa Africa kuno ndi dziko lokhalo limene linachita zimenezi. Chofunika si kumene inu munabadwira koma dziko lomwe mukulisumira, motero Mmalawi amene wazunzidwa ndi boma la South Africa, kapena mbale wathu wa ku Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe amene akudandaula za boma lake, sangapite yekha ku Arusha, ndipo njira yake ndi ya ku Banjul. Bungwe lofuna kusuma liyeneranso kukhala lovomerezeka ndi komishoni ya ku Banjul ngati bungwe loonerera zokambirana zake.

Tsopano tifike pa gawo limene ndikuliona kuti ndi lofunika koposa, lomwe ndi kugwiritsa ntchito zigamulo zakunja mlandu wanu ukadali m'bwalo la kuno. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo woweruza wa ku Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu ndi amene angalamule lero kuti mutulutsidwe m'chitokosi, zomwe bwalo lakutali silingachite mwachangu chotero. Malamulo aakulu a dziko lino amapatsa loya wanu zida ziwiri. Gawo 211 limanena kuti pangano la pakati pa mayiko limene lapangidwa malamulowa atayamba kugwira ntchito limakhala lamulo la Malawi ngati Nyumba ya Malamulo yakhazikitsa lamulo lotero, ndipo mapangano amene analipo kale akupitiriza kulimanga dziko. Gawo 11 limauza mabwalo kuti pomasulira malamulo aakuluwa aziganiziranso mfundo za malamulo a pakati pa mayiko ndi zigamulo za mayiko ena pa nkhani zofanana. Kuti mumvetse kukula kwa kusinthaku, kumbukirani mlandu wa Chakufwa Chihana, pomwe bwalo lalikulu la apilo linanena mu 1993 kuti pangano la mu Africa silinali gawo la malamulo a Malawi chifukwa panalibe lamulo lolilowetsa. Lero khomo limeneli ndi lotsekuka kwambiri kuposa nthawi imeneyo.

Njira yake ndi iyi. Musayambe ndi kuuza woweruza kuti bwalo la ku Arusha lamulamula, chifukwa chigamulo chimene chinaperekedwa pa mlandu wa dziko lina chimamanga dziko limenelo. Yambani ndi ufulu womwe walembedwa m'mutu wachinayi wa malamulo aakulu a dziko lathu, muonetse kuti ufulu womwewo uli m'pangano limene Malawi anavomereza, kenako muonetse momwe mabwalo ena anaumasulirira pa nkhani yofanana ndi yanu. Umu ndi momwe zinayendera pa mlandu wa Kafantayeni mu 2007, pamene bwalo lalikulu linathetsa lamulo lokakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, mosaganizira momwe zinthu zinachitikira. Oweruza anadalira kwambiri chigamulo cha mu 2002 cha mlandu wa Reyes wochokera m'dziko la Belize, ndipo zotsatira zake zinali zoti akaidi ambiri amene ankayembekezera kunyongedwa anamvedwanso, ena n'kubwerera kwawo. Bwalo la ku Arusha linafika pa mfundo yomweyo mu 2019 pa mlandu wa Ally Rajabu wotsutsana ndi Tanzania, kusonyeza kuti nzeru imeneyi imayenda mbali zonse ziwiri, ndipo nthawi zina mabwalo athu ndi amene amatsogola.

Chitsanzo china ndi cha vakabu. Mayeso Gwanda anamangidwa mu 2015 m'bandakucha ali pa ulendo wokagulitsa majumbo ku Limbe, popanda china chimene analakwa koma kupezeka pamsewu pa nthawi imene apolisi anaiona ngati yokayikitsa. Mu Januwale 2017 bwalo lalikulu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a zilango, lomwe anamangidwa nalo, ndi losemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu Disembala 2020 bwalo la ku Arusha, litapemphedwa ndi bungwe la maloya la Pan African Lawyers Union, linapereka uphungu wakuti malamulo a vakabu otere amaphwanya pangano la mu Africa chifukwa amalanga munthu kaamba ka umphawi wake. Loya amene akuimira wogulitsa malonda wosesedwa ndi apolisi lero ali ndi zikalata ziwirizi m'manja, ndipo zonse angazipeze kwaulere pa intaneti, pa tsamba la MalawiLII ndi pa tsamba la bwalo la ku Arusha. Ngati mulibe ndalama zolipira loya, pitani ku Legal Aid Bureau kapena ku Malawi Human Rights Commission, ndipo musachite manyazi kuwafunsa ngati aona zigamulo zoterezi.

Kuyambira kunyumba kuli ndi chifukwa chinanso: mabwalo akunja salandira dandaulo la munthu amene sanamalize njira za m'dziko lake, pokhapokha zitaonekeratu kuti njirazo palibe, sizithandiza, kapena zachedwetsedwa mopyola muyezo. Urban Mkandawire, amene anachotsedwa ntchito ya uphunzitsi pa yunivesite, anafika ku Arusha, koma mu 2013 bwalolo linakana dandaulo lake pa chifukwa chimenechi. Choncho chitani apilo mpaka pamapeto, ndipo sungani pepala lililonse: chikalata chosumira, chigamulo cha bwalo lililonse, makalata okumbutsa mlembi wa bwalo okhala ndi chidindo ndi tsiku, ngakhale kapepala kosonyeza kuti mlandu waimitsidwanso. Ngati mudzanene kuti mlandu wanu unachedwetsedwa, umboni wake udzakhala timapepala timeneti, osati mawu a pakamwa.

Njira za kuno zikatha, musazengereze, chifukwa dandaulo liyenera kuperekedwa pa nthawi yoyenera, ndipo zaka zikadutsa popanda chifukwa chomveka likhoza kukanidwa. Kusuma ku Arusha sikulipiritsidwa, ndipo bwaloli lili ndi dongosolo lothandiza osauka kupeza loya. Dandaulo lilembedwe m'chimodzi mwa zilankhulo zogwirira ntchito za bungwe la African Union, monga Chingerezi, litchule dzina la wodandaula ngakhale atapempha kuti lisaululidwe kwa anthu, lisakhale ndi mawu onyoza boma kapena mabwalo ake, ndipo lisatsamire pa nkhani za m'nyuzipepala ndi pa wailesi zokha. Muyeneranso kukumbukira kuti bwaloli si la apilo. Silifuna kumva kuti woweruza wa kuno analakwitsa basi, koma kuti boma, kudzera mwa apolisi, nduna, lamulo kapena bwalo, linaphwanya ndime yakutiyakuti ya pangano.

Ganizirani mofatsa zimene mukupempha, pakuti apa ndi pamene mlandu wa munthu mmodzi umasandukira phindu la anthu ambiri. Mungapemphe chipukuta misozi, kubwezeredwa katundu kapena kumasulidwa, koma ngati gwero la vuto lanu ndi lamulo, pemphaninso kuti boma lilamulidwe kusintha lamulolo, lisindikize chigamulo poyera, ndiponso lipereke lipoti la zimene lachita pofika tsiku lodziwika. Ngati pali choopsa chimene sichingabwezedwe chikachitika, monga kunyongedwa, mungapemphe lamulo lapadera loimitsa zinthu mlandu usanathe. Mukonzekerenso kudikira. Katundu wa bambo ake a Harold Mbalanda Munthali analandidwa mu 1976 potsatira lamulo lolanda katundu la nthawi ya chipani chimodzi, bwalo lapadera lopereka chipukuta misozi linatha nthawi yake banjalo lisanathandizidwe, mwini katunduyo anamwalira, ndipo mwana wakeyu anasuma ku Arusha mu 2017 n'kudzapambana mu 2022.

Chigamulo chikatuluka, ntchito siinathe. Ndime 30 ya mgwirizano wokhazikitsa bwalo la ku Arusha imanena kuti maboma analonjeza kutsatira zigamulo pa nthawi yoikidwa, koma bwaloli lilibe apolisi, ndipo chimene lingachite ndi kukanena dziko losamvera ku msonkhano wa atsogoleri a African Union. Pamene mtolankhani wa ku Burkina Faso, Lohé Issa Konaté, anapambana ku Arusha mu 2014 atatsekeredwa chifukwa cha zimene analemba, Burkina Faso inasintha malamulo ake a zofalitsa nkhani chaka chotsatira, n'kuchotsa chilango cha ndende pa mlandu woipitsa mbiri. Koma Tanzania, imene inauzidwa mu 2013 pa mlandu wa m'busa Christopher Mtikila kuti ilole anthu kupikisana pa chisankho popanda chipani, sinasinthe lamulolo, ndipo mu 2019 inabweza chikalata chololeza anthu wamba kusuma, monga anachitiranso Rwanda, Benin ndi Côte d'Ivoire. Kuno kum'mwera tinaona bwalo la SADC likuimitsidwa mu 2010 litagamula motsutsana ndi Zimbabwe pa nkhani ya malo. Izi zimandidetsa nkhawa kwambiri, ndipo n'chifukwa chake ndikuona kuti chikalata chathu cha mu 2008 ndi chofunika kuchiteteza poyera nthawi iliyonse imene wina ayamba kuchiderera.

Kuti chigamulo chisagone m'kabati, chiperekeni ndi kalata kwa mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo ndi ku unduna wa zachilungamo, mutchule tsiku limene bwalo linaika. Ngati pali ndalama zoti zilipidwe, funsani phungu wanu kuti akafunse m'Nyumba ya Malamulo ngati zaikidwa mu bajeti. Ngati pali lamulo loti lisinthidwe, kaonaneni ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za malamulo komanso Malawi Law Commission, ndipo fotokozerani atolankhani m'Chichewa chomveka zimene boma lalamulidwa kuchita. Nthawi yoikidwa ikadutsa, lemberani bwalo la ku Arusha kulidziwitsa kuti palibe chachitika.

Musakanenso kukambirana ngati boma lapempha kuti nkhani ithere pa mgwirizano, malinga zolonjezazo zilembedwe ndi masiku ake. Mu 2014 bungwe lomwe si la boma lomenyera ufulu wa anthu mu Africa la IHRDA linadandaula ku komiti ya ufulu wa ana kuti gawo 23 la malamulo aakulu a Malawi linkati mwana ndi munthu wosafika zaka 16, pomwe pangano la ana la mu Africa limati zaka 18. M'malo molimbana, boma linagwirizana ndi odandaulawo mu 2016 kuti lisintha malamulo ndi kumapereka malipoti. Mabungwe, mafumu ndi atsikana eni ake anali atayamba kale kukankha nkhaniyi kuno, ndipo mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo inakweza zakazo kufika pa 18, n'kuchotsanso mpata umene unkalola ana a zaka 15 mpaka 18 kulowa m'banja makolo akavomereza. Amene akutsatira nkhani yotere ayeneranso kuunika malamulo ang'onoang'ono, monga a zilango, a ntchito ndi a chisamaliro cha ana, kuti aone ngati zaka zolembedwamo zagwirizanitsidwa ndi kusinthaku, ndipo pomwe apeza kusiyana akudziwitse komiti imene inayang'anira mgwirizanowo.